Kukatenga mwana wamasiye ku Mozambique kapena ku Joni: mmene banja lingayendetsere ulendowu

Mabanja ambiri a ku Mulanje ndi ku Thyolo ali ndi abale kutsidya kwa mitsinje ya Muloza ndi Ruo, ndipo ena ali ndi ana awo amene anapita kukagwira ntchito ku Joni n'kuberekera komweko. Choncho si zachilendo kuti foni ilire usiku ndi uthenga wakuti mchemwali amene anakwatiwa ku Milange, ku Mozambique, watisiya, ndipo wasiya mwana wa zaka ziwiri wopanda womusamalira. Pa mwambo wa Alhomwe ndi Amang'anja nkhani yotere sichedwa kutha, pakuti mwana ndi wa mbumba ya mayi ake, ndipo mwinimbumba, amene ndi malume a mwanayo, ndiye amanena kumene akakulire. Koma ofisala wa pachipata cha Muloza sayendera mwambo umenewu. Iye amangoona munthu wamkulu akutuluka m'dziko la eni ndi mwana amene sanabereke yekha, ndipo chimene amafunsa ndi mapepala.

Musanakonze za ulendo, banja likhale pansi ndi kugwirizana chimene likufuna kwenikweni, chifukwa kulera mwana ndi kumutenga mwalamulo kuti akhale wanu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mwana woleredwa amakhalabe wa makolo amene anamubereka, ndipo bambo ake akhoza kudzamufuna tsiku lina. Mwana wotengedwa kudzera kukhoti amasanduka wanu kotheratu: udindo wonse wa ukholo umachoka kwa omubereka n'kubwera kwa inu, ndipo lamulo la chuma chamasiye la mu 2011 limamuwerengera gawo mofanana ndi ana amene munabereka. Mfundo imeneyi mwamuna ndi mkazi ayimvetse onse awiri, ndipo ana akuluakulu auzidwe poyera, chifukwa zimene zinabisidwa pa tsiku lotenga mwana zimadzatulukira pa tsiku logawa munda. M'maganizo anga, mwamuna amene wangolamula kuti mwana wa mlongo wake abwere, osakambirana ndi mkazi wake amene adzamuphikire phala ndi kumubereka kumbuyo, wamulakwira kale mwanayo asanafike n'komwe.

Lamulo la Malawi loona za kutenga ana, la Adoption of Children Act la mu 1949, limafuna kuti wopempha akhale wa zaka zosachepera 25, ndiponso kuti apose mwanayo ndi zaka 21, ngakhale kuti khoti likhoza kufewetsa mfundo yachiwiriyi pamene pali ubale wapafupi wa magazi. Mwamuna amene akupempha yekha saloledwa kutenga mwana wamkazi pokhapokha pali zifukwa zapadera. Mfundo imene ikukhudza kwambiri ulendo wanu ndi yakuti khoti la ku Malawi limapereka chilolezo pokhapokha wopempha ndi mwana yemwe akukhala m'Malawi muno. Amene amakumbukira mlandu wa mu 2009 wa woimba wa ku America, Madonna, pamene ankafuna kutenga mwana wa ku Malawi, akudziwa kuti mawu omwewa, akuti wokhala m'Malawi, ndi amene anakokanakokana mpaka ku bwalo la Supreme Court. Tanthauzo lake kwa inu ndi lakuti mwana akadali ku Milange, woweruza wa ku Blantyre sangakuthandizeni. Muyenera kuyamba mwapeza chilolezo cha dziko limene mwanayo ali, kaya chomutenga kotheratu kaya chomusunga monga womuyang'anira, kenako n'kudzamaliza zotsalazo kuno kwathu.

Khomo loyamba kugogoda ndi la ofesi ya chisamaliro cha anthu pa boma la Mulanje kapena la Thyolo, imene ambiri amangoitchula kuti kwa a Social Welfare. Afotokozereni nkhani yonse osabisa kanthu, ndipo muwapemphe kuti adzaone pakhomo panu ndi kulemba lipoti lonena za nyumba, kapezedwe kanu ndi anthu amene mumakhala nawo. Lipoti limeneli ndi limene akuluakulu a kutsidya adzadalire, popeza iwo sangathe kubwera kudzaona khomo lanu. Pamodzi ndi lipotilo musonkhanitse ziphaso zaunzika, mtchatho wa ukwati wanu, kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mbiri ya milandu, kalata ya amfumu yotsimikizira ubale wanu ndi malemuwo, ndi umboni wa ndalama zimene mumapeza, kaya ndi pepala la malipiro la kuesiteti kaya buku la kubanki. Aliyense amene akupita akhale ndi pasipoti yeniyeni, chifukwa kapepala kodutsira pachipata kamene anthu amagwiritsa ntchito pokagula chimanga ndi nyemba ku Milange sikalemera kanthu pamaso pa woweruza.

Nkhani yovuta koposa zonse ndi ya bambo a mwanayo, ndipo apa m'pamene mwambo ndi lamulo zimasemphana kwambiri. Kwa ife, mkamwini mkazi wake akamwalira amasudzulidwa n'kubwerera kwawo, ana n'kutsala ndi akuchikazi. Kukhoti, ngati bamboyo ali moyo ndipo akudziwika kumene ali, chilolezo chake chimafunika, ngakhale atakhala kuti sanagulepo sopo chibadwire mwanayo, pokhapokha khotilo litagamula kuti nkhaniyo ipitirire popanda chilolezocho. Musamunyoze kapena kumudumpha. Mupiteko ndi ankhoswe, mukhale pansi ndi iye pamodzi ndi akwawo, mumufotokozere bwino lomwe kusiyana kwa kulera ndi kutenga kotheratu, ndipo akavomera akasaine pamaso pa akuluakulu a boma m'chinenero chimene iye akumva. Bambo amene anasaina poganiza kuti akungobwereketsa mwana kuti akaphunzire sukulu ku Malawi ali ndi chifukwa chomveka chodzakokera nkhaniyo kukhoti pambuyo pake. Ngati akuvomera kulera kokha, landirani zimenezo, chifukwa chilolezo chochepa choperekedwa ndi mtima wonse chimakhalitsa kusiyana ndi chachikulu chochita kukakamiza. Ngati bamboyo anamwalira, mupeze chikalata cha imfa yake; ngati anasowa, akuluakulu a dera lakwawo alembe zimenezo, ndipo khoti ndilo lidzagamule ngati nkhaniyo ingapitirire popanda iye.

Pa zokambirana zimenezi musatulutse ndalama. Mtima wachifundo ukhoza kukuuzani kuti musiyeko kangachepe kwa bambo wosaukayo kapena kwa agogo amene akhala akusunga mwana, koma lamulo la Malawi limaletsa kholo kapena womuyang'anira kulandira malipiro chifukwa chopereka mwana, pokhapokha khoti litavomereza. Chipepeso cha maliro mupereke pa nthawi ya maliro, pamaso pa anthu, ndipo chisalumikizane ndi nkhani ya mwana.

Ulendo woyamba musauyese wobwera ndi mwana. Mukadutsa Limbuli ndi kudinditsa mapasipoti pa Muloza, tauni ya Milange ili pamtunda wa makilomita ochepa chabe, ndipo a kabaza amakufikitsani. Muyambe mwadzionetsa kwa mfumu ya dera limene mwanayo akukhala, imene kumeneko amati régulo, kapena kwa secretário do bairro ngati ndi m'tauni, chifukwa kalata yawo ndi imene imatsegula makomo ena. Kenako mupite ku Registo Civil kukapeza chikalata cha imfa ya mayi ndi chikalata cha kubadwa kwa mwana; ngati mwanayo sanalembetsedwe, ayambe walembetsedwa, popeza wopanda chikalata chimenechi sangapatsidwe pasipoti. Muonetsetse kuti maina alembedwa mofanana pa mapepala onse, pakuti kalembedwe ka Chipwitikizi kamasintha maina athu, ndipo dzina la malemu lolembedwa mosiyana pa chiphaso cha ku Malawi ndi pa chikalata cha imfa likhoza kukubwezani mmbuyo miyezi. Mukatero mupite kwa a Acção Social, amene ndi anzawo a Social Welfare, ndipo iwo ndi amene amafufuza ndi kupereka maganizo awo kukhoti. Ku Mozambique mwana amatengedwa ndi chigamulo cha khoti basi, ndipo pamafunika nthawi yakuti mwana ndi omutenga azolowerane. Palinso njira imene amati tutela, yopatsa wachibale udindo woyang'anira mwana wamasiye, ndipo ndi bwino kufunsa ngati imeneyo ingakuyenereni. Anthu a ku Milange ambiri amamva Chichewa ndi Chilhomwe, koma za kuofesi zonse zimalembedwa m'Chipwitikizi, kotero mukhale ndi womasulira amene mumamukhulupirira, ndipo musasaine pepala limene silinawerengedwe kwa inu lonse.

Popeza mudzapita ndi kubwera kangapo, musankhe bwino nyengo. Kuyambira Disembala mpaka Epulo mitsinje imadzaza, monga tinaonera pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo imeneyi ndi nthawinso imene tiyi amachuluka m'minda, moti wogwira ntchito kuesiteti savuta kukanidwa tchuthi. Miyezi ya chilimwe ndiyo yabwino.

Chigamulo chikatuluka, mwanayo akufunika chiphaso chake choyendera, ndipo pepala la khoti linene momveka kuti mwaloledwa kutuluka naye m'dzikomo. Ngati mayi ake anali Mmalawi, funsani ku nthambi yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko ku Blantyre za unzika wa mwanayo musanapite kukamutenga, kuti mudziwe ngati ayende ndi chiphaso cha Malawi kapena cha Mozambique. Padzapezeka wina wokuuzani kuti zonsezi n'zotaya nthawi, ndipo kuti iye akhoza kukuwolotsani ndi mwanayo pa doko la mumtsinje mbandakucha. Mumukane. Lamulo lothana ndi mchitidwe wozembetsa anthu la mu 2015 limapereka chilango chofika zaka 21 m'ndende kwa wozembetsa mwana, ndipo ngakhale cholinga chanu chili chabwino, mudzavutika kuchitsimikiza muli m'chitolokosi pamene mwana ali m'manja mwa anthu osawadziwa. Komanso mwana wolowa mozemba amadzavutika pa chiphaso chaunzika, pa mayeso ndi pa pasipoti moyo wake wonse.

Za ku Joni zimayenda mofanana, koma ulendo wake ndi wautali ndipo zipata ndi zitatu: Mwanza, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo pa chilichonse adzafunsa za mwanayo. Ku South Africa nkhani za ana zimayendera lamulo la Children's Act la mu 2005 ndipo zimamvedwa ku Children's Court. Mwana wobadwira kumeneko kwa makolo a ku Malawi sakhala nzika ya dzikolo chifukwa chongobadwirako, choncho muyambire ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ku Johannesburg kuti akuthandizeni za chiphaso choyendera. Mutenge chikalata cha kubadwa chosonyeza maina a makolo.

Pa tsiku lokamutenga, musafike m'mawa n'kunyamuka naye masana. Mwana wa zaka ziwiri amene wangotaya mayi ake sadziwa kuti ndinu malume ake. Amangodziwa fungo la nsalu ya agogo amene akhala akumubereka. Mugoneko masiku angapo, amene adzakhale mayi ake atsopano amudyetse ndi kumusambitsa agogowo ali pomwepo, ndipo ngati n'kotheka agogowo akuperekezeni mpaka kunyumba. Mutenge nsalu imene amafunda, kapu yake, ndi khadi lake la kusikelo. Mufunse chimene amakonda kudya, dzina limene amamuitanira pakhomo, ndi mawu amene amanena akafuna madzi kapena kupita kuseri, chifukwa akhoza kukhala a Chipwitikizi kapena a Chilhomwe chimene ana anu sachimva. Panjira mukhale ndi madzi owiritsa, mapaketi a thanzi, nthochi ndi zovala zosinthira, ndipo mapepala onse enieni akhale m'pulasitiki m'chikwama chimene chili pathupi panu, osati m'katundu wapadenga la minibasi.

Sabata yoyamba musachedwe kupita naye kusikelo ya pachipatala chimene muli nacho pafupi. Aone khadi lake, amalize katemera amene anatsala, amuyeze sikelo, ndipo ngati ali wonyentchera amuike pa chiponde. Ngati mayi ake anadwala nthawi yaitali, mupemphe kuti mwanayo ayezedwe magazi kuti aone ngati ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo munene zaka zake molondola, chifukwa khanda losakwana chaka ndi theka limakhoza kukhala likusungabe chitetezo cha mayi ake m'magazi, moti limafuna kuyezedwa mwa njira ina yosiyana ndi ya akuluakulu. Agone mu neti kuyambira usiku woyamba. Akamadzuka usiku ndi kulira, kukodza pamphasa kapena kubisa chakudya, musamukalipire. Zimenezi zimachepa akazolowera kuti nkhope zimene wagona akuziona ndi zomwezo zimene adzukire nazo.

Mukakhazikika, mubwerere kwa a Social Welfare ndi mapepala onse a kutsidya atamasuliridwa m'Chingerezi ndi womasulira wovomerezeka, kuti akuuzeni chotsala. Ngati munabwera ndi chilolezo choyang'anira chabe ndipo mukufuna kumutenga kotheratu, pempho lanu lidzapita ku bwalo lalikulu la milandu ku Chichiri, kumene kuli nthambi yoona za mabanja, ndipo khoti lidzasankha ofisala woimira mwanayo amene adzabwerenso kudzaona mmene akukhalira. Amene sangakwanitse kulipira loya apite ku Legal Aid Bureau ku Blantyre. Chigamulo chikaperekedwa, mupite nacho ku ofesi ya kalembera wa NRB pa boma kuti mwanayo alembedwe m'kaundula, ndipo mapepala a Chipwitikizi aja musawataye, chifukwa adzawafuna pa Muloza tsiku limene mudzapite naye kukaona agogo ake ndi manda a mayi ake.