Musanayambe kudinadina mayi woyembekezera kapena mwana

Acupressure ndi njira yochokera ku mankhwala achikhalidwe a ku China, yodina malo ena a thupi ndi chala m'malo mobaya singano. Kwa mayi woyembekezera amene akuvutika ndi mseru, malo odziwika kwambiri ndi P6. Tembenuzani dzanja chikhatho chiyang'ane kumwamba, ikani zala zitatu kuyambira pomwe dzanja lilumikizana ndi mkono, ndipo pansi pa chala chachitatucho, pakati pa minyewa iwiri yolimba, ndi pomwepo. Dinani pang'onopang'ono ndi chala chachikulu kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako mkono winawo. Ena zimawathandiza, ena ayi.

Koma chonde, pali malo oti musakhudze mimba isanakwane masiku: LI4, pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, ndi SP6, zala zinayi pamwamba pa kakolo mbali ya mkati. Odziwa njirayi amati malowa angautse chiberekero. Pamimba penipeni musadine, ndipo katumba akatupa n'kumapweteka, musamusisite, mwina magazi aundana mumtsempha. Mayi akamasanza mpaka kulephera kusunga madzi, kapena akaona magazi, athamangire kuchipatala. Muuzeninso mzamba zomwe mukuchita.

Kwa ana, poyeza malo gwiritsani ntchito zala za mwanayo, osati zanu. Dinani mopepuka kwa masekondi ochepa, ndipo akalira kapena kukana, siyani. Liwombo la khanda, chilonda ndi potupa musayandikirepo n'komwe. Mwana akatentha thupi, akakomoka, akamatsegula m'mimba kapena kupuma movutikira, ameneyo ndi wa kwa dokotala tsiku lomwelo.