Aphunzitsi, tulutsani ana panja akawerenge mitambo

Masetilaiti a NASA, bungwe la ku America loona zamlengalenga, ngati Terra ndi Aqua amaona mitambo kuchokera pamwamba basi. Mtambo wokhuthala ukakuta, zomwe zili pansi pake saziona, komanso timitambo topyapyala tija ta cirrus nthawi zina timawazemba. Koma mwana amene waima pabwalo la sukulu amaona kunsi kwake, ndiye asayansi akaphatikiza ziwirizi amadziwa ngati makina awo akulondola kapena ayi. N'chifukwa chake NASA inayambitsa S'COOL mu 1997, ntchito yoti ana asukulu azitumiza zomwe aona pa mitambo, yomwe inadzalowa m'pulogalamu yophunzitsa zachilengedwe ya GLOBE yomwe inayamba mu 1995, ndipo kuyambira 2016 kuli app ya GLOBE Observer yomwe munthu amatumizira zomwe waona pafoni.

Anawo auzeni chifukwa chake kaye, apo bii aziona ngati nthawi yosewera. Mitambo yam'munsi yokhuthala imabweza kuwala kwa dzuwa ndiye pansi pamazizira, pomwe yam'mwamba yopyapyala imalola dzuwa kudutsa koma n'kutsekera kutentha kusatuluke. Apa ndi pomwe akatswiri a zanyengo akuvutikirabe powerengera za kusintha kwa nyengo.

Mayina musawapanikize nawo. Mitundu ikuluikulu ilipo 10 koma yambani ndi itatu yomwe Luke Howard anaitchula mu 1802, cumulus wounjikana, stratus woyala, cirrus wa timizere. Kuti adziwe kuti mitambo younjikana ili m'mwamba bwanji, mwana atambasule mkono n'kuyerekeza chibulumwa cha mtambo ndi dzanja lake. Chibulumwa chikafanana ndi chibakera ndi cumulus wam'munsi, chikafanana ndi chala chachikulu ndi altocumulus wapakati, chikachepa ngati chikhadabo cha kachala kakang'ono ndi cirrocumulus wam'mwamba kwambiri. Ana amaigwira msanga njira imeneyi kuposa ife akuluakulu.

Pomwe pamavuta ndi kuyerekeza kuti thambo lakutidwa mochuluka bwanji, anthu timakonda kuwonjezera. Tengani pepala loyera, muliduladule zigawo 10 zofanana, gulu lina lisankhe mwachinsinsi zigawo mwina 3, ling'ambeng'ambe n'kumata pa pepala la buluu lofanana kukula, enawo ayerekeze kuti pepala la buluulo lakutidwa maperesenti angati. Mumva ena akuti 50 ena 60 pomwe ndi 30 yokha, ndipo mkangano umenewo musauthetse msanga, asiyeni atsutsane kaye kenako muwaonetse zigawo zotsala zija.

Nthawi ndiyofunika. App imakuuzani nthawi yomwe setilaiti idutse pamwamba panu, ndipo mukaona mkati mwa mphindi 15 za nthawi imeneyo zomwe mwatumiza amaziyerekeza ndi za setilaiti n'kukutumizirani zotsatira pa imelo. Zimenezo muziwerengere kalasi yonse, zikasiyana ndi zawo musawauze kuti alakwa, afunseni kuti setilaiti yaona chiyani chomwe ife sitinaone.

Foni imodzi ikwanira, ena onse alembe m'kope, tsiku, nthawi, mtundu wa mtambo, kuchuluka kwake, ngati kuli utsi kapena fumbi, komanso mizere yoyera yomwe ndege zimasiya. Tsiku lomwe kulibiretu mtambo alembenso choncho, osadumpha poganiza kuti palibe chonena, ndipo osalemba za dzulo mongokumbukira. Chinanso, asayang'ane dzuwa mwachindunji ngakhale kuli mitambo, ndipo kukayamba kugunda mabingu onse alowe m'kalasi nthawi yomweyo.