Kuyendetsa kompyuta ya kunyumba muli kutali

Ngati mukupita ku Petauke koma mafayilo mukuwasiya pa kompyuta ku Chipata, musadandaule, ikani AnyDesk, pulogalamu yoyendetsera kompyuta muli kutali, pa makina onse awiri musananyamuke, ngakhale pa foni imatheka. Pa ya kunyumbayo lembani nambala imene ikuoneka mukatsegula, kenako mu Settings ikani pasiwedi ya unattended access kuti pasafunike munthu wovomereza mukamalowa ndi nambalayo muli kutali.

Chachikulu ndi ichi abale, pa kompyuta ya kunyumbayo chotsani sleep (kugona yokha ikakhala osagwiritsidwa ntchito) ndipo isiyeni yoyaka ndi intaneti, chifukwa ikazima, monga magetsi akapita, basi simulowanso, nchifukwa chake ine ndimakonda laputopu, batire imagwirako pang'ono. Netiweki ikafooka tsitsani kwalite ya chithunzi mu AnyDesk, bando imathanso msanga. Nambala ndi pasiwedi musapatse aliyense woimba foni, akuba amalowera pomwepo.