Mukuperekeza alendo ku Japan? Umu ndi momwe mungakonzere kuti agwire chikhalidwe ndi manja awo

Pafupifupi gulu lililonse limene ndaliperekeza ku Japan limafika ndi zofuna zofanana: kuona phiri la Fuji, kachisi wokutidwa ndi golide wa ku Kyoto, ndi mphambano ya ku Shibuya pamene anthu amawoloka ngati linthumbu. Amajambula, kukwera basi, kukatsika kwina n'kujambulanso. Likamafika tsiku lachinayi, makachisi onse afanana m'maso mwawo. Koma mukadzakumana nawo patatha chaka, nkhani imene amayambitsa ndi ya tsiku limene anaponda ufa ndi mapazi pokonza udon, chakudya chonga supageti yonenepa, kapena mmene dzanzi linawagwirira m'miyendo m'chipinda chomwera tiyi.

Malo ophunzitsa alendo zoterezi ndi ochuluka m'dzikomo, ndipo chaka cha 2024 chokha Japan inalandira alendo akunja oposa 36 miliyoni, choncho malo abwino amadzaza msanga. Ntchito yanu monga woperekeza ndi kusankha zochepa zoyenera anthu amene muli nawo, n'kuzipatsa nthawi yokwanira. Ine lamulo langa ndi chochita chimodzi patsiku. Ziwiri zimatheka ngati zili m'dera limodzi, zitatu ndi kuzunza anthu.

Choyamba: dziwani matupi ndi zikhulupiriro za alendo anu

Musanatsegule n'komwe kompyuta kufufuza malo, funsani mlendo aliyense mafunso angapo, ndipo mufunse payekha poti ena sangayankhe zoona pagulu. Kodi mawondo ali bwanji, angathe kukhala pansi kwa theka la ola? Ndi zakudya ziti zimene sadya, kaya chifukwa cha chipembedzo kapena chifukwa thupi limadana nazo? Ali ndi zojambula zapakhungu? Angalowe m'kachisi wa chipembedzo china mtima uli m'malo?

Funso la chakudya ndilo limapweteketsa ambiri. Msuzi wa ramen, chakudya china chonga supageti chodyera mumsuzi, nthawi zambiri amauphika ndi mafupa a nkhumba. Zakudya zambiri zooneka ngati zamasamba okhaokha amazithira dashi, msuzi wochokera ku nsomba youma, komanso mirin amene ali ndi kamowa pang'ono. Mukakhala ndi Asilamu kapena a Seventh Day pagulu lanu, muuzeni mphunzitsi wa zophika pa nthawi yosungitsa malo, osati mutafika kale pakhomo. Soba, chakudya chinanso chonga supageti chopangidwa ndi ufa wa mbewu yotchedwa buckwheat, nayenso samalani naye: ufa wake umatupitsa anthu ena mpaka kubanika, ndipo m'chipinda chophunziriramo ufawo umakhala uli mbuu mumpweya.

Za zojambula zapakhungu n'chifukwa cha onsen, malo osambira madzi otentha ochokera pansi. Ambiri mwa malowa salola munthu wojambulidwa pakhungu. Komanso kumeneko anthu amasamba osavala kanthu, amuna kwawo akazi kwawo, zimene azimayi ndi azibambo ambiri akwathu sangalole ngakhale muwanyengerere bwanji. Njira yake ndi kubwereka bafa la paokha limene amalitcha kashikiri.

Chachiwiri: nyengo

Maluwa a sakura amatuluka kumapeto kwa Malichi ndi kumayambiriro kwa Epulo, masamba amafiira mu Novembala. Nthawi zonse ziwirizi n'zokongola koma mitengo ya malo ogona imakwera ndipo Kyoto imachita kusowa popondera. Pewani masiku a tchuthi a Golden Week, kuyambira pa 29 Epulo mpaka pa 5 Meyi, sabata ya Obon yokumbukira makolo amene anamwalira pakati pa Ogasiti, ndi masiku a chaka chatsopano pamene amisiri ambiri amatseka. Juni ndi wamvula, Julayi ndi Ogasiti kumatentha chinyontho chokhachokha, moti ngakhale wokulira ku Nsanje amadandaula. Ine ndimakonda kumapeto kwa Meyi kapena Okutobala.

Kumbukiraninso kuti nthawi ya ku Japan ili patsogolo ndi maola 7 poyerekeza ndi ya ku Malawi ndi Zambia. Anthu amene atsika ndege dzulo musawaike m'chipinda chabata, agona ali chikhalire. Tsiku loyamba limafuna chinthu chaphokoso.

Chachitatu: sankhani zochita motsata njira imene mukuyenda

Njira imene imandiyendera bwino ndi yochokera ku Tokyo, kudzera ku Kanazawa, kukafika ku Kyoto ndi Osaka. Sitima yothamanga ya Shinkansen imatenga pafupifupi maola awiri ndi theka kuchoka ku Tokyo kukafika ku Kanazawa.

Ku Tokyo yambani ndi ng'oma za taiko. Amaziimba ataimirira, miyendo atatangadza, ndi ndodo ziwiri zonenepa zotchedwa bachi. Mphunzitsi amayamba wanena kamvekedwe kake pakamwa, don, doko, ka, inu n'kubwereza pakamwa, kenako pang'oma, monga mmene akatswiri a ng'oma amaphunzitsira anyamata kwathu. Chiyankhulo sichivuta pamenepa, ndipo alendo athu amagwira msanga mpaka mphunzitsi kudabwa. Vuto lawo ndi limodzi, amafuna kuikamo zawo pamene gulu lonse liyenera kugunda limodzi. Ku Kappabashi, msewu wa masitolo a ziwiya zakukhitchini pafupi ndi Asakusa, kuli malo ophunzitsa kupanga zakudya zoyerekezera zija amaziika pamawindo a malo odyera. Ana amakondwa nazo kwambiri.

Kanazawa ndi kwawo kwa golide wosulidwa mopyapyala. Pafupifupi yense wa m'dzikomo amachokera kumeneko. Ndi wopyapyala moti ukangopuma mwamphamvu amauluka, ukamukhudza ndi chala amamatirira n'kusowa. Mlendo amapatsidwa kambale kapena timitengo todyera, amamata kapepala ka chithunzi chimene wasankha, amapaka guluu, n'kuyala golide pamwamba ndi kam'bano kansungwi. Akamatula kapepala kaja chithunzi chimatsala chili waliwali. Ola limodzi latha, ndipo chinthucho amanyamula tsiku lomwelo.

Ku Kyoto ndiye kwa tiyi, ndipo apa ndichedwepo pang'ono poti ndi pamene operekeza ambiri amalakwitsa. Mwambowu anaukhazikitsa mmene ulili lero ndi Sen no Rikyu, amene anamwalira mu 1591, ndipo mabanja ochokera kwa iye monga Urasenke ndi Omotesenke akuuphunzitsabe mumzindamo. Mwambo wathunthu, wokhala ndi chakudya, umatha maola anayi. Wa alendo umatenga mphindi 45 kapena ola.

Mumavula nsapato pakhomo n'kuponda mkeka wa tatami ndi masokosi oyera. Mawotchi, mphete ndi zibangili zimavulidwa kuti zisakande mbale, ndipo mafuta onunkhira kwambiri sawafuna chifukwa amaphimba fungo la tiyi. Mwini nyumba amabweretsa kaye kachakudya kotsekemera, kamene muyenera kutsiriza tiyi asanafike. Kenako amatapa ufa wobiriwira wa matcha ndi kasupuni kansungwi, kuthira madzi otentha, n'kupukusa ndi kalupukuso kansungwi mpaka thovu. M'chipinda monse muli zii, mumangomva madzi akuwira mumphika wachitsulo ndi kalupukuso kakuti shwashwashwa. Mbale ikafika pamaso panu mumaweramira mnzanu wotsatira n'kunena kuti osaki ni, kupepesa kuti mwamutsogolera. Mumaiika pachikhatho chakumanzere, kuigwiriziza ndi dzanja lamanja, kuitembenuza pang'ono kawiri kuti musamwere kumaso kwake, n'kumwa katatu kapena kanayi mpaka kutha. Alibe shuga, alibe mkaka, ndipo amawawa. Auzeni alendo zimenezi nkhope isanakwinyike pamaso pa mwini nyumba.

Chovuta chenicheni ndi kakhalidwe kotchedwa seiza, kugwada n'kukhalira zidendene. Azimayi akwathu anazolowera kugwada, koma kugwada kopereka moni n'kwa mphindi imodzi, uku n'kwa theka la ola. Mayi wina wachikulire amene ndinali naye anapirira osanena kanthu, koma pomaliza miyendo inakana, tinachita kumudzutsa awiri, iye akuseka misozi ili mbwembwembwe. Kuyambira pamenepo ndimafunsa za ryurei, mwambo womwewo koma wochitikira patebulo alendo atakhala pamipando. Si chinthu chopeka chifukwa cha alendo a masiku ano. Anauyambitsa a Urasenke mu 1872 pofuna kulandira alendo akunja pachionetsero cha ku Kyoto.

Kuvala kimono, chovala chachikhalidwe cha ku Japan, kumayenda bwino tsiku lomwelo la tiyi. Mbali yakumanzere ndiyo imakhala pamwamba. Kusemphanitsa ndi mmene amavekera maliro. Ovalitsa amadziwa, koma yukata, kimono yopepuka ya kumalo ogona, mlendo amavala yekha, ndiye muwauziretu. Tumizani misinkhu ndi kukula kwa matupi pasadakhale chifukwa zovala zazikulu zimakhala zochepa. Masitolo ambiri amakonzanso tsitsi, koma tsitsi lathu sanalizolowere, bola azimayi apite atamanga kale. Ndipo mu kimono munthu sayenda mtunda wautali, amangoti nyang'anyang'a, choncho musaike ulendo wokwera masitepe a kukachisi wa paphiri wa Fushimi Inari tsiku limeneli. Mukadutsa ku Gion, dera lakale la mu Kyoto, letsani alendo kuthamangira ndi mafoni ma maiko, atsikana ovala kimono ophunzira kuvina ndi kuimba kwachikhalidwe. Kuyambira mu 2019 muli zikwangwani zoletsa kujambula m'tinjira ta eni ake, chindapusa chake ma yen 10,000, ndipo mu 2024 tinjira tina anatitsekeratu kwa alendo.

Ngati gulu lili ndi masiku owonjezera, chilumba cha Shikoku chili ndi zinthu ziwiri zabwino. Ku Kagawa amaphunzitsa udon: ufa wa tirigu, mchere ndi madzi, kukanda, kuika m'thumba lapulasitiki n'kupondaponda ndi mapazi mpaka ulimbe, kenako kufutukula ndi ndodo, kudula, kuphika n'kudya. Ku Tokushima kuli utoto wabuluu wa aizome wochokera ku masamba owoletsedwa kwa miyezi itatu. Nsalu imatuluka mumtsuko ili yobiriwira, n'kusanduka yabuluu pamaso panu ikakhudzana ndi mpweya. Amayi amene amanyika nsalu kwathu amafunsa mafunso osatha kumeneko, apatseni nthawi.

Kugona m'kachisi ku Koyasan, phiri limene Kukai, mtsogoleri wa chipembedzo cha Chibuda, anakhazikitsapo malo opembedzera mu 816, ndi kwa okhawo amene afuna. Chakudya ndi chamasamba chokhachokha ndipo mapemphero amayamba cha m'ma 6 koloko m'mawa. Sakakamiza kulowa nawo, koma ena mtima suwalola ngakhale kufukiza lubani. Musawachititse manyazi, akonzereni china.

Chachinayi: kusungitsa malo ndi kusunga nthawi

Yambani miyezi iwiri kapena itatu ulendo usanafike. Pofunsira viza ku ofesi ya kazembe wa Japan ku Lilongwe amafuna ndondomeko ya tsiku ndi tsiku, ndiye ntchito imeneyi imakuthandizani pawiri. Polemba kalata yosungitsa malo nenani chiwerengero cha anthu, zaka za ana, zakudya zoletsedwa, ndipo funsani ngati mphunzitsi amayankhula Chingerezi. Amisiri enieni ambiri sayankhula, ndipo pamenepo mufunika womasulira wa komweko. Kuyambira mu 2018 lamulo limalola ngakhale opanda chiphaso cha boma kuperekeza alendo molipidwa, komabe pa zinthu ngati tiyi ndi makachisi wachiphaso amafotokoza zakuya. Funsaninso za chilango chosintha maganizo: malo ambiri amadula ndalama zonse mukalephera tsiku lomwelo, ndipo ang'onoang'ono ena amalandira ndalama zapamanja zokha.

Nthawi ya ku Japan si ya "tikubwera, tili panjira". Ndinaphunzira mowawa tsiku limene bambo wina anabwerera kuhotelo kukatenga foni, tonse n'kufika mochedwa ndi mphindi 20 pamalo ena omwera tiyi. Mayi wolandira alendo anawerama, kupepesa kambirimbiri ngati wolakwa ndi iye, koma chitseko sanatsegule. Mwambo unali utayamba ndi alendo ena, ndipo ndalama za anthu asanu ndi atatu zinapita. Masiku ano ndimauza gulu nthawi yocheperako ndi theka la ola, ndipo sindichita nazo manyazi.

Za sitima werengerani bwino. Mu Okutobala 2023 mtengo wa Japan Rail Pass ya masiku 7, tikiti imodzi imene alendo akunja amakwerera sitima zambiri m'dzikomo, unakwera kufika ma yen 50,000, moti kungopita ku Kyoto n'kubwerera ku Tokyo sikubweza ndalamayo. Masutikesi aakulu atumizeni kuhotelo yotsatira kudzera mu takkyubin, makampani onyamula katundu, amafika mawa lake, alendo n'kupita kokaphunzira manja ali lende.

Chachisanu: ganizirani mmene chopangidwacho chidzafikire kwawo

Kuumba mbale ku Mashiko kapena ku Kyoto n'kosangalatsa, makamaka kwa amene anaonapo agogo awo akuumba mbiya popanda gudumu. Koma dongolo liyenera kuuma, kuotchedwa, kupakidwa n'kuotchedwanso, ndipo zimatenga mwezi kapena iwiri. Alendo adzakhala atabwerera kalekale, ndipo kutumiza kambale kamodzi ku Africa kungadule kuposa phunzirolo. Funsani kaye ngati amatumiza kunja, apo ayi sankhani golide, nsalu yautoto kapena pepala lopangidwa pamanja la washi, zimene zimalowa m'chikwama tsiku lomwelo. Amene apita ku Sakai, pafupi ndi Osaka, kukaphunzira kunola ndi kuika chigwiriro pampeni, mpeniwo ukhale m'bokosi lake osatsegulidwa ndipo pandege ulowe m'sutikesi yopita pansi.

Chomaliza: usiku woti mawa ndi tsikulo

Sonkhanitsani gulu mphindi khumi mutatha kudya. Nenani nthawi yonyamuka, zovala zoyenera, ndi mawu awiri okha oti aloweze: arigato gozaimasu pothokoza, sumimasen popepesa. Auzeni kuti kupatsa mphunzitsi ndalama yapamwamba sikuchitika kumeneko, angakuthamangireni nayo mpaka kumsewu. Chimene amalandira ndi manja awiri ndi kamphatso kochokera kwanu, ndipo paketi ya tiyi wa ku Thyolo kapena khofi wa ku Mzuzu yokutidwa bwino imatsegula nkhani yaitali. Kenako aliyense akayang'ane masokosi ake. Ine ndimayenda ndi mapeyala atatu atsopano m'chikwama, poti pagulu lililonse sipalephera mmodzi amene chala chachikulu chimasuzumira panja.