Kulifunsa boma la Scotland za chipatala, sitima ndi ndalama

Mwafunsa kuti mupite kuti mukadikira opaleshoni miyezi yambirimbiri, kapena sitima ikamakuchedwetsani kuntchito. Musalembere ku boma la UK ku London. Kuyambira 1999, zaumoyo ndi mbali yaikulu ya zamtengatenga zili m'manja mwa nyumba ya malamulo ya ku Holyrood, mumzinda wa Edinburgh.

Yambani ndi kudandaula ku bodi ya zaumoyo ya dera lanu. Mabodiwa alipo 14. Tchulani tsiku limene dokotala anakutumizani, ndipo kalata iliyonse muisunge. Akakuyankhani mokuzembani, pitani kwa Scottish Public Services Ombudsman, ofesi yomva madandaulo a anthu pa ntchito za boma. Za sitima lemberani kampani ya sitima ya ScotRail, imene boma linaitenga mu Epulo 2022.

Kenako aphungu a ku Holyrood. Muli nawo 8: mmodzi wa dera, 7 a chigawo. Wina akakhala chete, gogodani kwa mnzake, mumupemphe afunse nduna funso lolemba. Yankho lake limaikidwa poyera.

Pa ndalama ndiye ndikukulimbikitsani kwambiri. Lamulo la Freedom of Information la 2002 limalola aliyense kufunsa mabungwe a boma kuti amuuze zimene ali nazo m'mabuku awo. Lembani imelo, ikani dzina lanu lenileni, funso likhale limodzi lolunjika, monga ndalama zimene bodi inalipira anamwino aganyu chaka chatha. Ayenera kuyankha pasanathe masiku 20 ogwira ntchito. Akakana, pemphani aunikenso. Akakanabe, kasumeni kwa Scottish Information Commissioner, woonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa.

Muwerengenso malipoti a Audit Scotland, bungwe lofufuza mmene ndalama za boma zikugwiritsidwira ntchito. Ndi iwo analondoloza nkhani ya zombo ziwiri zimene zinaitanitsidwa mu 2015 pa mapaundi 97 miliyoni, koma choyamba, Glen Sannox, chinayamba kunyamula anthu mu Januwale 2025.