Mmene Mungalondolere Ndalama za Katundu Wolandidwa kwa Zigawenga mu Harare

Mukafuna kudziwa kumene ndalama za katundu wolandidwa zimathera, musayambire kupolisi ya Mbare kapena Highfield, chifukwa Zimbabwe Republic Police ili pansi pa boma, osati khonsolo ya mzinda, ndipo apolisi sadzigawira okha zimene alanda. Yambani ndi chigamulo cha khoti, popeza galimoto kapena nyumba imasanduka ya boma pokhapokha woweruza akalamula.

Kenaka werengani lamulo la Money Laundering and Proceeds of Crime Act la 2013, limene linakhazikitsa thumba la Recovered Assets Fund lolandira ndalamazo. Apa mpofunika kudekha, pakuti nduna ya zachuma ndiyo imavomereza zotuluka m'thumbamo, monga chipukutamisozi cha oberedwa ndi ndalama zosamalira katunduyo asanagulitsidwe.