Nyali ya Check Engine ikayaka ndi P0455, P0442 kapena P0456, yambirani pa chitsekerero cha thanki

Malangizowa ndi a inu oyendetsa motoka za petulo pakati pa Chipata ndi Mchinji, kudzera pa Mwami. A motoka za dizilo sakuwakhudza.

Nyali ya Check Engine ikayaka, kompyuta ya motoka imasunga khodi yosonyeza vuto. Kamakina kowerengera makodi ka OBD-II kalowetseni pa soketi ya mabowo 16, pansi pa dashibodi, chakumaondo kwa dalaivala. Tembenuzani kiyi mpaka nyali ziyake, koma injini musailize. Khodi imene yatuluka ilembeni papepala musanaifute.

Makodi atatuwa amanena za mpweya wa petulo, osati petulo wodontha pansi. Mpweyawo umachoka m'thanki n'kukagwidwa m'kabokosi ka makala, charcoal canister, kenako valavu yotchedwa purge valve imaulola kupita mu injini kukapsa. Kompyuta ya motoka ikayesa njira imeneyi n'kupeza kuti sikusunga mpweya, imayatsa nyali. P0455 ndi kuthawa kwakukulu. P0442 ndi kabowo ka pafupifupi milimita imodzi, P0456 ka theka la milimita. Mwa atatuwa palibe khodi imene imatchula chowonongekacho, ndiye musathamangire kugula sipeya.

Chitsekerero cha thanki ndicho chimalakwa kawirikawiri, makamaka nyali ikayaka mutangothira petulo. Chichotseni, muone labala wozungulira mkati mwake. Ngati wauma, wang'aluka kapena waphwatalala, gulani chitsekerero cha mtundu wa motoka yanuyo. Chongofanana nacho maonekedwe chimatha kulowa bwinobwino koma osatseka. Pukutani kukamwa kwa thanki, chifukwa kamchenga kamodzi kokha kamakwanira kutsegulira mpweya njira. Potseka, zungulizani mpaka chilire kuti khe. Nsanza kapena pulasitiki si chitsekerero ayi.

Mukatero futani khodi. Nyali ikhoza kutenga masiku isanabwerere, poti kompyuta imayesa pokhapokha petulo ali pakatikati, thanki isanadzaze komanso isanaume. Amene amangoyendera wa malita awiri angaganize kuti vuto latha, pamene silinayesedwe n'komwe.

Ikabwerera, tsatani timapaipi ta labala kuchokera ku thanki mpaka ku injini, injini itazizira. Funani kothothoka, kong'ambika kapena kodyedwa ndi makoswe, makamaka ngati motoka imagona pafupi ndi nkhokwe. Vent valve, valavu imene kompyuta imatseka poyesa njira ya mpweyayo, yomwe nthawi zambiri imakhala pansi pafupi ndi kabokosi ka makala, imadana ndi fumbi: motoka yokonda misewu yadothi ya kumidzi ya ku Mchinji m'chilimwe, valavuyi imatha kukanika kutseka. Purge valve ya motoka zambiri imakhala yotseka injini ikazima. Ikamadutsa mpweya mutaichotsa, yatha ntchito.

Kabowo ka P0456 sikaoneka ndi maso. Apo pitani kwa makanika amene ali ndi makina opopera utsi m'mapaipi, utsiwo ukatulukira pamene pabooka. Musapope ndi kompresa ya matayala, mungaphulitse zina zabwinobwino.

Pa filing'i sitesheni, pampu ikadula yokha, auzeni othira asawonjezere. Petulo wosefukira amalowa m'makala aja n'kuwawononga.

Ndi makodi amenewa motoka imayenda ndithu mpaka kukafika ku galaja. Koma mukaona petulo akudontha, kapena fungo lake ladzaza mkati, imani pambali, zimitsani injini, ndipo pasapezeke wosuta fodya pafupi. Nyali ikamaphethira m'malo mongoyaka, limenelo ndi vuto lina la injini yophonya moto, musapitirize nayo ulendo.